Kuwala komwe kumadumpha pa timipira ta siliva

Kuwala sikulola kupanikizidwa. Mukakulowetsa mkanjira kopapatiza kuposa pafupifupi theka la funde lake, kumangotayikira kunja basi. Kuwala komwe timaona ndi maso mafunde ake amayambira pa ma nanomita 400 kufika 700 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a mita), ndiye faiba ya galasi, kaulusi konyamula kuwala, ili ndi polekezera kuchepa kwake, pomwe ma transistor, timaswichi ta mu chip ya kompyuta, ndi ang'onoang'ono kutalitali.

Pofuna kuzemba vutoli, mu 1998 wasayansi Quinten ndi anzake ku Graz, ku Austria, anaganiza zondandalika timipira ta siliva ta ma nanomita 50 pamzere. Kuwala kukagunda kampira koyamba ma elekitironi ake amagwedezeka onse limodzi, mbali ina kukhala negetivi ina pozitivi kenako nkusinthana, ndi zimene timati plasmon, ndiye mphamvu yamagetsi yozungulira kampirako imakoka ma elekitironi a kachiwiri, kachiwiri nkukoka a kachitatu, mphamvu nkumapita choncho. Koma tiyenera kuyandikana zedi. Mukawirikiza kawiri mtunda wa pakati pake, kukokanako kumachepa pafupifupi ka 8.

Tsono apa ndi pomwe ine ndimafuna anthu amvetse. Timipirati sitiyandama mmalere ayi, timakhala pa chinachake, galasi kapena silicon kapena chitsulo, ndipo chapansicho sichingokhala phee. Ma charge a mugalasi, a pozitivi ndi a negetivi, amayankha kugwedezeka kuja ngati kuti pansipo pali kampira kena kobisika, zotsatira zake mtundu wa kuwala womwe mzere umalandira bwino umasunthira ku mbali yofiira. Chinanso, mugalasi kuwala kumayenda pang'onopang'ono kuposa mumpweya, ndiye funde lomwe mumpweya likanamatirira pamzere limatha kupeza potulukira nkudonthera mugalasimo. Pansipo pakakhala golide kapena siliva nkhani imasinthanso, pamwamba pa chitsulocho pamayenda mafunde akeake a ma elekitironi omwe amatha kulumikiza timipira totalikirana. Amene amawerengetsa mzere ngati uli wokhawokha, masamu ake sagwirizana ndi zapa labu.

Vuto lalikulu ndi kutentha. Ma elekitironi akamagwedezeka mchitsulo amagundana ndi zina, mphamvu nkusanduka kutentha. Mu 2003 Stefan Maier ndi Harry Atwater ku yunivesite ya Caltech ku America anayeza mzere wa siliva, mphamvu inayenda pafupifupi ma nanomita 500 okha. Ndiye musayembekezere kuti izi zilowa mmalo mwa faiba ya intaneti. Pomwe ndimaona phindu lenileni ndi pa masensa, tizipangizo tozindikira zinthu, chifukwa mzere womwe umamva galasi lili pansi pake umamvanso timamolekyulu tochepa tikamatirira pamwamba, mtundu wa kuwala nkusuntha moti nkuyezeka.