Kupenta nyanja ndi bwato limodzi

Wophunzira kupenta asathamangire nkhope za anthu kapena zilombo za gule wamkulu. Ayambe ndi zinthu zitatu basi: thambo, madzi ndi bwato limodzi, monga zimaonekera m'mawa kugombe la ku Mtakataka, mapiri a ku Nankumba ali tsidya.

Pezani thabwa la hardboard la masentimita 30 kwa 40, mulipake penti woyera wa PVA (wopaka makoma a nyumba) kawiri, liume. Mukapanda kutero thabwalo limamwa penti ndipo chithunzi chimazilala. Penti wa acrylic (wojambulira zithunzi, wosakaniza ndi madzi) mitundu inayi akukwanirani: woyera, wabuluu, wachikasu ndi wabulauni. Wakuda musagule n'komwe. Burashi zikhale ziwiri, yaikulu yaphwatalala ndi yaing'ono yosongoka.

Lembani ndi rula mzere pamene thambo lakumana ndi madzi, chakumtunda pang'ono, osati pakati penipeni. Mzerewu ukangopendekeka, nyanja imaoneka ngati ikukhuthukira mbali imodzi, ndipo bwato lokongola bwanji silingabise zimenezo.

Yambani ndi thambo: buluu wambiri pamwamba, kumaonjezera woyera pamene mukutsika. Sakanizani penti akadali wamadzi, chifukwa acrylic sachedwa kuuma, makamaka kukatentha mu Okutobala. Kuzizira kwa pa Dedza mu Juni kumakupatsaniko mpata. Mapiri akutali apakeni buluu wotuwa, popanda mitengo.

Ntchito yeniyeni ili pamadzi. Madzi amabwereka mtundu kuthambo, choncho tengani penti yemweyo, mudonthezemo kabulauni kuti aderepo pang'ono. Burashi iziyenda chopingasa nthawi zonse. Kutali timafunde tikhale timizere ting'onoting'ono tothinana, pafupi tizikula ndi kutalikirana. Mafunde ofanana msinkhu ponseponse amasandutsa nyanja khoma. Chakugombe thirani kachikasu, poti pamadzi osaya mchenga umaonekera. Mafunde a mwera aja asiyeni kaye, ngovuta.

Bwato libwere madzi atauma gwa, apo ayi bulauni amasakanikirana ndi buluu n'kukhala matope. Buluu ndi bulauni yemweyo, mukawasakaniza dala pambale, amapereka mtundu wakuda wofewa woyenera mkati mwa bwato ndi msodzi. Mimba ya bwato musaijambule yonse. Iduleni ndi mzere wa madzi, kuti bwatolo likhale m'madzi osati pamwamba pake. Chithunzithunzi chake chigwere pansi pake penipeni, chodukaduka ndi timizere topingasa. Burashi zitsukeni nthawi yomweyo, chifukwa acrylic akaumiramo sachokanso ndi madzi.