Musamadilite mameseji mukakhala pa mlandu, chonde

Funso ili ndatopa nalo: "Aloya, pepala ili likundipanikiza, tingolibisa eti?" Ayi, sitibisa. Pa mlandu wa civil (wosakhala waupandu, monga wa ngongole) ku High Court, malamulo oyendetsera milandu a 2017 amafuna mbali iliyonse ionetse inzake mapepala okhudza mlanduwo, okukomerani ndi okuipirani omwe, ndipo mndandanda wake mumaulumbirira. Makalata a inu ndi loya wanu ndiwo otetezedwa. Malisiti, ma invoice, mameseji a pa WhatsApp, zonsezo zimalowa.

Nanga winayo akamakana kutulutsa zake? Apa ndi pomwe anthu mumathamangira kukalipa. Timayamba ndi kalata, ndipo kalatayo itchule chinthu chenichenicho, osati "tipatseni mapepala onse" ayi, koma buku la madelivale kuyambira Malichi mpaka Juni, ma statement a akaunti yakuti, pofika tsiku lakuti. Akakhalabe chete ndiye timakasuma pempho kukhothi ndi chikalata cholumbirira chofotokoza chifukwa chomwe tikudziwira kuti pepalalo lilipo komanso likukhudza bwanji mlandu. Jaji atha kulamula kuti litulutsidwe, atha kuliona yekha kaye ngati winayo akuti ndi lachinsinsi, atha kumulipitsa ma costs (ndalama zomwe mwawononga pa pempholo), akapitiriza makani ngakhale chikalata chake chodzitetezera pa mlanduwo chimatha kutayidwa. Ndipo pepala lomwe munalibisa simungadzangolitulutsa m'chikwama tsiku la mlandu popanda chilolezo cha khothi.

Koma kuchedwa anthuni! Munthu amadziwa bwinobwino kuti buku lija lilipo, mediation (kukambirana kofuna kugwirizana mlandu usanazengedwe) yadutsa, scheduling conference (msonkhano wokonza ndondomeko ya mlandu) yadutsa iye ali phee, kenako kutatsala sabata kuti mboni ziyambe ndi pamene akukumbukira. Jaji akufunsani kuti munali kuti nthawi yonseyi, ndipo alakwa chani.

Imene imandiwawabe ndi ya bambo wina wogulitsa simenti. Munthu wina sanawalipiredi ngongole, mlandu wabwino ndithu. Vuto linali meseji imodzi yomwe anavomera kuti analandirako gawo la ndalamazo pa Airtel Money. Meseji imeneyo ikanangochepetsa ndalama zomwe timafuna, basi. Dobadoba wina wa panja pa khothi anawauza kuti dilitani chat yonse, palibe angadziwe. Anadilita. Winayo anali ndi ma screenshot onse, madeti ndi nthawi zomwe, ndipo loya wake anawawerengera mmodzimmodzi bambowo ali mu bokosi la mboni thukuta lili kamukamu. Kuchokera pamenepo ngakhale zoona zomwe ankanena zinkamveka ngati bodza.

Si kwathu kokha. Ku New York, pa mlandu wa mayi Zubulake ndi banki ya UBS Warburg, ma email atasowa jaji Shira Scheindlin analola a jury (anthu wamba osankhidwa kugamula mlandu) kuganiza kuti zomwe zinafufutidwazo zinali zoipira bankiyo, ndipo mu 2005 a jury anagamula kuti mayiyo apatsidwe ndalama zoposa madola 29 miliyoni.

Ndiye mukangoona kuti nkhani ikulowera kukhothi, foni musaigulitse, musaifomate, buku la sitolo musang'ambemo tsamba. Ndipo madobadoba aja okuuzani kuti "ndimadziwana ndi akalaliki, fayilo ndiisowetsa" akudyerani ndalama kenako adzakusiyani nokha pamaso pa jaji. Funsani ku Malawi Law Society ngati munthuyo ali ndi laisensi ya chaka chino, ngati ndalama palibe pitani ku Legal Aid Bureau, ndipo popita nyamulani ndi pepala loipalo.