Nambala ya foni yothawa chala

Sabata yatha m'minibasi yopita ku Limbe, mayi wina atamva kuti ndimapanga mawebusayiti anandipatsira foni yawo. Ankafuna nambala ya sitolo ina yogulitsa malata. Nambalayo inali pansi penipeni pa tsamba, koma akangoti ayifikire, tsambalo linkatulutsa katundu wina, nambala n'kutsetserekanso pansi. Anakankha ndi chala kuyambira pa Ginnery Corner mpaka pa Chichiri, bandulo ikungopita. "Achimwene, kodi foni yangayi yafa?" Foniyo inalibe vuto. Vuto linali la ife opanga masamba.

Kapangidwe kameneka timakatcha infinite scroll, tsamba lopanda mathero, ndipo amene amatchulidwa kuti anakayambitsa ndi Aza Raskin mu 2006. Pa Facebook kapena TikTok kamagwira ntchito chifukwa munthu sakufuna chinthu chimodzi, akungotaya nthawi. Koma munthu amene akufuna mtengo wa simenti kapena fomu ya sukulu amafuna afike, atenge, achoke. Choipa kwambiri chimachitika mukadina katundu wina kenako n'kubwerera m'mbuyo: masamba ambiri otere amakuponyani pamwamba, muyambirenso. Mankhwala ake ndi osavuta. Ikani batani lakuti "Onani zina", kapena gawani katunduyo m'masamba 1, 2, 3.

Anzanga ena amakondanso kulanda ulamuliro wa kukankhako. Mukankha pang'ono, tsamba lidumpha lokha, zithunzi zikuyandama uku ndi uku. Bwana wa kampani akaona pa kompyuta yaikulu mu ofesi amaomba m'manja. Pa foni ya Itel yodzaza kale ndi WhatsApp, tsambalo limangonjenjemera, ndipo pali anthu amene zoyandamazi zimawachititsa chizungulire.

Tsono taganizirani munthu wosagwiritsa ntchito mouse, kaya chifukwa manja amanjenjemera, kaya saona. Iyeyu amayenda ndi kiyibodi: Space kapena Page Down kutsika, Tab kudumpha kuchoka pa linki ina kupita pa ina. Akadina Tab, pamayenera kuoneka kamzere kozungulira pamene wafika. Opanga ambiri amakachotsa, ati kakuipitsa tsamba. Kumeneko n'kuthimitsa nyali munthu ali pakati pa njira.

Wosaona amamvetsera tsamba kudzera mu pulogalamu yowerenga mokweza, monga NVDA yomwe ndi yaulere pa Windows, kapena TalkBack pa Android. Mu NVDA, akadina H amadumphira pa mutu wotsatira, ngati mmene inu mumayendetsera maso pa nyuzipepala. Koma izi zimatheka ngati mutuwo unalembedwa ngati mutu mu HTML, chilankhulo cholembera masamba a pa intaneti. Ngati wopanga anangokulitsa zilembo, pulogalamuyo siizindikira, ndipo munthu amamvetsera menyu yonse pa tsamba lililonse asanafike pa nkhani. Kalinki kamodzi koyambirira kodumphira ku nkhani kamathetsa zonsezo. Sikatenga ngakhale ola kukaika.

Sikuti ndi maganizo anga okha. Bungwe la W3C, lomwe limakonza miyezo ya mawebusayiti, lili ndi malangizo otchedwa WCAG othandiza kuti aliyense, ngakhale wolumala, athe kugwiritsa ntchito masamba. Mu WCAG 2.1 ya 2018 muli lamulo lakuti tsamba likwane m'lifupi mwa mapikiseli (timadontho toyezera kukula pa sikirini) 320 popanda kukankhira kumanja ndi kumanzere, kuti agogo akakulitsa zilembo mizere izipindika yokha. WCAG 2.2 ya 2023 inawonjezera kuti batani lisachepere mapikiseli 24 mbali zonse, pokhapokha litatalikirana ndi anzake, komanso kuti chikwangwani chomata pamwamba pa tsamba chisabise pamene Tab yafika.

Ngati muli ndi webusayiti, musanalipire amene anakupangirani, zulani mouse, yendani ndi Tab mpaka pa nambala yanu ya foni. Kenako dinani Ctrl ndi + mpaka 400%, muwerenge ndime imodzi.

Mayi aja nambala tinaipeza pa chithunzi cha chikwangwani cha sitoloyo pa Google Maps, tikutsika pa depoti.