Wandale wakuba: pa penshoni yake timulande chiyani, timusiyire chiyani?

Anthu akadziwa kuti ntchito yanga ndi ya malamulo, makamaka milandu ya pantchito ndi ya penshoni, funso ili silichedwa kubwera: nduna kapena phungu akapezeka wolakwa pa mlandu wa katangale, boma lizimulipirabe mwezi ndi mwezi mpaka tsiku la imfa yake? Ofunsawo amabwera yankho ali nalo kale. Kuno ku Tete, m'dziko la Mozambique, mlimi wa mbatatesi ku Tsangano, mphunzitsi ku Ulónguè, mayi wogulitsa tomato pamsika wa Moatize, onse mawu ndi amodzi: amulande zonse, asatsale ndi kakobiri. Mkwiyo umenewu inenso ndili nawo. Koma lamulo lolembedwa ndi mawu akuti "zonse" likhoza kukagwa tsiku lomwe lafika ku Conselho Constitucional, bwalo loona ngati lamulo likugwirizana ndi Malamulo aakulu a dziko, wakubayo n'kutuluka akumwetulira. Kuti chilango chigwire, tiyambe tatsegula chinthu chomwe timachitcha penshoni, chifukwa m'kati mwake muli ndalama za mitundu iwiri zomwe eni ake ndi osiyana.

Mtundu woyamba ndi ndalama zomwe munthu anadulidwa pa malipiro ake. Tengani pepala la malipiro la mphunzitsi kapena namwino aliyense wa boma. Pali mzere wosonyeza 7 peresenti yochotsedwa mwezi uliwonse kuti akadzapuma adzalandire kudzera ku INPS, bungwe loona za penshoni ya ogwira ntchito m'boma. Tiyerekeze kuti amalandira mametikali 20,000: mametikali 1,400 sakafika n'komwe m'thumba mwake. Ogwira ntchito m'makampani amasonkha ku bungwe lawo la penshoni la INSS, 3 peresenti kuchokera kwa wantchito ndi 4 peresenti kuchokera kwa bwana. Ndalama izi si mphatso ya boma. Ndi malipiro a ntchito yomwe inagwiridwa kale, anangowasungitsa. Andale ambiri asanalowe ndale anali aphunzitsi, madokotala kapena akuluakulu a m'maofesi, ndipo anadulidwa zaka zambiri asanaone n'komwe mpando womwe anadzabera.

Pa ndalama zimenezi palinso anthu ena amene ali ndi gawo. Amabwera ku ofesi atakulunga mapepala mu jumbo kuopa mvula: chikalata cha imfa ya mwamuna, cha ukwati, makadi obadwira a ana, zina zitachita kung'ambika m'mopindamo. Akufuna penshoni ya otsala. Mayi wotere sanasaine mgwirizano uliwonse, mwana wa giredi 5 sanalandire chiphuphu. Ndime 61 ya Malamulo aakulu a dziko lathu imanena poyera kuti chilango sichipatsirana. Ukafafaniza penshoni yonse ya bambo, walanga mkazi ndi ana pa mlandu womwe sanaitanidwe n'komwe kukayankha.

Mtundu wachiwiri ndi wosiyana kutalitali. Izi ndi zabwino zomwe boma limapereka chifukwa cha mpando: galimoto, nyumba, chithandizo cha kuchipatala, maulendo, ndi ndalama yomwe amaitcha subsídio de reintegração, imene phungu amalandira akamaliza nthawi yake, yowerengedwa pa 75 peresenti ya malipiro ake pa chaka chilichonse chomwe wakhala m'Nyumba ya Malamulo. Imeneyi phungu sasonkhera. Imatuluka mosungira chuma cha boma, kutanthauza kuti imachokera pa msonkho womwe mumalipira pogula sopo ndi simenti. Ambiri mukukumbukira za 2014, pamene aphungu anavomereza malamulo a zabwino zawo ndi za apulezidenti opuma, mabungwe omwe si aboma n'kuchita zionetsero ku Maputo. Pulezidenti Armando Guebuza anawabweza ku Nyumba ya Malamulo kuti akawaonenso, koma chaka chisanathe anadutsa.

Chifukwa chomwe amapereka potetezera zabwino zimenezi ndi chakuti munthu amene anatumikira dziko asadzavutike akachoka pampando, komanso asakopeke ndi ziphuphu poopa mawa. Chabwino. Ndiye munthu amene khoti latsimikiza kuti analandira chiphuphucho, waphwanya yekha maziko a mphatsoyo. Mlonda amene wagwidwa akutsegulira akuba nkhokwe umamulipira masiku omwe analonderadi, koma mbuzi yomuthokoza pa kukhulupirika sumupatsa. Maganizo anga ali pomwepa: zonse zobwera chifukwa cha mpando zichotsedwe, popanda kunyengerera. Zomwe anasonkha yekha zikhale zake, koma zidulidwe kubweza zomwe anaba.

Wina anganene kuti ndikufewetsa. Ndikuwerenga malamulo omwe tili nawo. Ndime 61 yomweyo imanenanso kuti palibe chilango chomwe pachokha chimachotsera munthu ufulu wake monga nzika, wa pantchito kapena wa ndale, kupatula zomwe chigamulocho chikufuna. Tanthauzo lake pa nkhani yathu ndi lakuti kumangidwa pakokha sikuzimitsa penshoni ngati kuzimitsa nyali. Pafunika lamulo lonena momveka kuti pa milandu yakutiyakuti woweruza achotse zabwino zakutizakuti, ndipo woweruzayo azilembe m'chigamulo chake. Akapanda kulemba, wa ku ofesi yolipira alibe pogwira, amangopitiriza kulipira. Kuwonjezera apo, ndime 57 ndi 60 zimaletsa lamulo latsopano kubwerera m'mbuyo kukalanga zomwe zinachitika lisanakhalepo. Ichi n'chowawa kuchimva: lamulo litalembedwa chaka chino, silingakhudze akuba a dzana. Chaka chilichonse chomwe tikuchedwa, tikumasula gulu lina.

Pali chinthu china chomwe anthu ambiri sachidziwa. Wogwira ntchito m'boma akaba, nkhani yake imayenda njira ziwiri zosakumana. Ina ndi ya kukhoti, yomwe imathera kundende. Ina ndi ya mwambo wa pantchito, yomwe amayendetsa ndi abwana ake, ndipo chilango chake chachikulu ndi kuchotsedwa ntchito kotheratu. Akulu amati mlandu suola, koma wa mwambo wa pantchito umaola: uli ndi masiku ake oikika, ndipo abwana akaukhalira dala mpaka masikuwo atatha, munthu amatuluka kundende dzina lake likadali m'kaundula. Mu 2010 khoti la ku Maputo linagamula Diodino Cambaza, mkulu wa kampani ya boma yoyang'anira mabwalo a ndege, kuti akakhale kundende zaka 22 chifukwa chosakaza ndalama za kampaniyo. Khoti lalikulu linatsitsa kufika pa 12. Mu 2017 anabwereranso ku kampani yomweyo ngati mlangizi. Ngati munthu angabwerere pa ntchito pomwe anabapo, za penshoni tinganenenji? Ndipo kwa nduna kapena phungu njira yachiwiriyi imakhala yopanda mano, poti pomwe mlandu ukupsa iye anachoka kale pampando.

Mayiko ena anadutsamo kale m'nkhani imeneyi, ndipo omwe anaikonza bwino anasiyanitsa mitundu iwiri ija. Ku Germany wogwira ntchito m'boma akagamulidwa chaka chimodzi kapena kuposa pa mlandu wochita dala, kapena miyezi 6 pa mlandu wolandira chiphuphu, amataya udindo pamodzi ndi penshoni yapadera ya ogwira ntchito m'boma. Koma zaka zomwe anagwira amazisamutsira ku penshoni wamba ya anthu onse, yomwe ndi yochepa. Safa ndi njala, koma sadyanso ngati bwana. Ku South Korea pulezidenti wopuma akagamulidwa kukhala kundende amataya penshoni ndi zabwino zina, n'kungotsala ndi omulondera. Zinamuchitikira Lee Myung-bak mu 2020 khoti lalikulu litatsimikiza zaka 17. Ku America lamulo la 2007 limachotsa penshoni ya phungu wopezeka ndi mlandu wa ziphuphu, koma zomwe anasonkha yekha amatha kubwezeredwa. Ya ku Germany ndi yomwe ndimaiona kuti ingakwane bwino m'malamulo athu.

Tsono tisadzinamize kuti penshoni ingabweze zomwe zinabedwa. Ngongole zobisika za makampani a boma a ProIndicus, EMATUM ndi MAM, zomwe zinatengedwa mu 2013 ndi 2014, zinali pafupifupi madola 2 biliyoni. Zitaululika mu 2016, bungwe la zachuma la padziko lonse la IMF ndi mayiko othandiza anaimitsa ndalama zawo, ndipo dola yomwe inkagulidwa pa mametikali pafupifupi 30 mu 2014 inadutsa 70. Kuno tinazimva pa thumba la feteleza, pa botolo la mafuta ophikira, pa mankhwala osowa m'zipatala za ku Angónia ndi Macanga. Manuel Chang, yemwe anali nduna ya zachuma, khoti la ku New York linamupeza wolakwa pa nkhani ya ngongolezi mu 2024, ndipo ziphuphu zomwe analandira zinali madola 7 miliyoni. Pa mtengo wa mametikali 64 pa dola, zimenezo zikuposa mametikali 440 miliyoni. Gogo wokhala yekha amene ali pa thandizo la INAS, bungwe la boma lothandiza ovutika, amawerengeredwa mametikali 540 pa mwezi, ndipo amakhala padzuwa kuyambira m'mawa, khadi lili m'manja, kudikira kuti dzina lake liitanidwe. Ndalama za munthu mmodzi uja zikanalipira agogo oposa 800,000 mwezi wathunthu. Palibe penshoni ya nduna yomwe ingakwirire dzenje lotere, ngakhale atakhala ndi moyo zaka 200.

Chida chenicheni chobwezera ndi kulanda katundu. Kuyambira mu 2020 tili ndi lamulo nambala 13/2020, lomwe limalola boma kulanda chuma cha wopezeka wolakwa chomwe sichikugwirizana ndi malipiro ake ovomerezeka. Nyumba, magalimoto, malo, ndalama za kubanki, ngakhale zolembetsedwa m'dzina la mlamu. Penshoni ibwere pambuyo pake. Malamulo athu a ngongole amalola kale khoti kugwira mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro kapena penshoni ya munthu kuti abweze zomwe ali nazo ngongole, ndipo ndaona izi zikuchitikira anthu wamba amene analephera kubweza ngongole ya kubanki. Sindiona chifukwa chomwe boma lingachitire manyazi kupempha zomwezo pa nduna yomwe khoti lailamula kubweza. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi zobedwazo, koma mwezi uliwonse mzere umenewo ukaoneka pa pepala lake, mphunzitsi wa ku Furancungo adziwa kuti lamulo lomwe limamugwira iye limagwiranso akuluakulu.

Povuta kwambiri ndi pa nthawi. Tichotse liti? Ndime 59 imati munthu ndi wosalakwa mpaka chigamulo chomaliza, ndipo ndimagwirizana nayo ndime imeneyi ndi mtima wonse. Dziko lomwe munthu angatayire penshoni chifukwa chongoimbidwa mlandu, wolamulira aliyense angamasaukitse omutsutsa pongotsegula fayilo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Komanso zigamulo zimasintha: António Munguambe, yemwe anali nduna ya zamtengatenga, anagamulidwa zaka 20 mu 2010 pa mlandu wa mabwalo a ndege uja, khoti lalikulu n'kutsitsa kufika pa zaka 4 ndi miyezi ingapo. Koma mbali inayi nayo ndi yoona. Apilo kwathu kuno imatenga zaka, ndipo amene ali ndi ndalama amadziwa kuitalikitsa. Ngakhale kunja milandu imachedwa: Chang anagwidwa ku Johannesburg mu Disembala 2018, chigamulo n'kudzabwera mu 2024. Munthu akamalandira nthawi yonseyo, pofika tsiku lomaliza zambiri wadya kale.

Njira yapakati ilipo. Khoti loyamba likangomupeza wolakwa, zabwino za mpando ziime, ndalama zake zizisungidwa pa akaunti yapadera yomwe iye sangaikhudze. Akapambana apilo, apatsidwe zonse pamodzi ndi chiwongoladzanja. Akagonja, zibwerere mosungira chuma cha boma. Penshoni yomwe anasonkha yekha izipitabe, kuti banja lidye. Lamulolo linenenso za zigamulo za makhoti akunja, chifukwa nkhani ya Chang yatiphunzitsa kuti nduna yathu ikhoza kuweruzidwa ku New York pa ndalama za dziko lino. Khoti lathu liyenera kukhala ndi njira yovomerezera chigamulo chotere chisanagwire ntchito pa penshoni.

Oyenera kulemba zonsezi ndi aphungu 250 a ku Maputo, omwenso ndi olandira zabwinozo, ndiye sadzaziyamba okha popanda kukankhidwa. Omwe tinawasankha kuno ku Tete akabwera kudzachititsa misonkhano, funso lowafunsa likhale lolunjika: kodi muvomera kuti m'lamulo la aphungu ndi la akuluakulu a boma mulowe ndime yochotsa subsídio de reintegração, galimoto ndi nyumba kwa wopezeka ndi mlandu wa katangale? Ndipo ndimeyo ilamule kalaliki wa khoti kutumiza chigamulo ku INPS ndi ku unduna wa zachuma pasanathe masiku oikika, dzina la wolandira kalatayo lilembedwe, kuti malipiro akapitirira tidziwe womufunsa.