Kuyezetsa za chibadwa: zotsatira zina zimabwera musanazifunse

Uthengawu ndi wa makolo ndi aliyense wa m'boma la Mchinji amene wapemphedwa kupereka magazi kapena malovu kuti ayezedwe DNA, kaya ndi kuchipatala kapena pa kafukufuku.

Kuyeza kotereku kumaona zimene munthu anatengera kwa makolo ake. Nthawi zina adokotala amafufuza chinthu chimodzi koma n'kupeza china chimene palibe amachiyembekezera. Nkhani yoti mukufuna kuuzidwa kapena ayi muikambirane magazi asanatengedwe, osadikira kuti pepala la zotsatira lifike.

Zimene zimapezeka kawirikawiri kwathu kuno ndi za matenda a magazi otchedwa sickle cell. Munthu akhoza kukhala wathanzi, wolima fodya ndi mtedza chaka chonse osadwala, koma ali ndi mbewu ya matendawa m'magazi. Bambo ndi mayi akakhala nayo onse awiri, pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe ndi matendawa umakhala umodzi mwa 4. Tikuti pa mimba iliyonse: kukhala ndi mwana mmodzi wodwala sikutanthauza kuti atatu otsatira apulumuka.

Zotsatira ngati izi ife tikukulimbikitsani kuzimva. Mwana wodziwika msanga amayamba kulandira penicillin, folic acid ndi mankhwala oteteza malungo, ndipo ena amapatsidwa hydroxyurea. Mayi amadziwa kuti kutupa kwa tizala ta m'manja ndi m'mapazi, kuyera kwa zikhatho kapena kutentha thupi n'zofunika kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale kukhale kubwereka njinga usiku.

Chimodzimodzi kuchepa kwa chinthu choteteza magazi chotchedwa G6PD, kumene kumagwira kwambiri ana aamuna. Munthuyo amakhala bwinobwino mpaka atamwa mankhwala ena monga primaquine, pamenepo magazi amasweka, maso amachita chikasu, mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka. Zilembedwe m'buku lake la kuchipatala.

Pali zotsatira zina zimene munthu ali ndi ufulu wonse wozikana. Kusintha kwa tizigawo ta chibadwa totchedwa BRCA1 kapena BRCA2 kumakweza chiopsezo cha khansa ya m'mawere ndi ya m'thumba la mazira, koma sikunena kuti munthu adwaladi, kapena liti. Ena amafuna kudziwa kuti aziyezetsa pafupipafupi ndi kuchenjeza achemwali awo. Ena amati nkhawa ingawadye zaka zambiri pomwe thandizo lili kutali, ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Onsewa sakulakwa, ndipo wachipatala asakukakamizeni.

Chomwe chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi mabanja. Mwana akapezeka ndi sickle cell, akuchimuna amafulumira kunena kuti nthendayi ndi ya kuchikazi, pomwe imachokera mbali zonse ziwiri. Zimavuta kwambiri bambo akayezetsa n'kupezeka alibe mbewuyo. Musathamangire kwa ankhoswe. Bambo akhoza kukhala ndi vuto lina la magazi lotchedwa beta thalassaemia, limene kuyeza kwapafupi sikuliona, koma likakumana ndi mbewu ya mayi limadwalitsa mwana mofananamo. Mabotolo a magazi nawo amatha kusinthana, ndipo munthu amene wangoikidwa magazi posachedwa zotsatira zake zimasokonekera. Pemphani kuyezanso ndipo adokotala akufotokozereni muli nonse awiri.

Musanasaine kapena kudinda chala pa kalata ya chilolezo, funsani kuti akuyeza chiyani kwenikweni, ndi chiyani china chingapezeke, ndani akakuuzeni ndiponso ndani wina aziona. Funsaninso ngati magazi otsala adzasungidwa kapena kutumizidwa kunja. Ngati simutha kuwerenga, akuwerengereni m'Chichewa pamaso pa mboni. Mukhoza kusintha maganizo pambuyo pake, ndipo kukana kulowa mu kafukufuku sikukulandani thandizo la kuchipatala.

Ngati m'banja mwanu muli ana amene amaikidwa magazi mobwerezabwereza, uzani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kapena pitani ku chipatala cha boma cha Mchinji, mutatenga mabuku a kuchipatala a anawo.