Aneni a Chingerezi osalandira -ed ali ndi mabanja awo

M'Chichewa nthawi ya mneni timaisonyeza kumayambiriro ndipo tsinde siligwedezeka: ndinapita, ndapita, ndidzapita. Aneni ambiri a Chingerezi nawonso savuta, chifukwa amangolandira -ed kumapeto, monga walk ndi walked. Koma pali aneni pafupifupi 200 amene salandira -ed, ndipo chosautsa n'chakuti ndi omwewo amene amatchulidwa kawirikawiri, monga be, have, do, say, go, take ndi see. Wophunzira sangawazembe ngakhale m'chiganizo chophweka.

Ambiri mwa aneniwa ndi otsala a Chingerezi chakale, cha zaka zoposa 1000 zapitazo, pamene kusintha lembo la liwu pakati pa mneni linali lamulo lenileni losonyezera nthawi yakale. N'chifukwa chake sing, sang, sung amayenda mofanana ndi ring, rang, rung komanso drink, drank, drunk. Ena amalondola njira ya drive, drove, driven, monga write ndi ride, pomwe blow, grow, know ndi throw onse amathera -ew m'nthawi yakale. Ena sasintha n'komwe, monga put, cut ndi hit. Went ndiye mlendo m'banja la go, pakuti anachokera kwa mneni wina, wend, amene masiku ano samveka kwenikweni.

Mu 2007 akatswiri a ku Harvard anatsatira aneni 177 amene anali osalandira -ed m'Chingerezi chakale, ndipo anapeza kuti 98 okha ndiwo akadali choncho. Amene anagonja ndi amene satchulidwa pafupipafupi. Help kale ankakhala holp, koma lero ndi helped, ndipo aneni atsopano monga emailed ndi texted amangolowa m'lamulo la -ed.

Ine ndimaona kuti kuloweza mndandanda wotsata alifabeti, kuyambira arise mpaka write, n'kutaya mphamvu, chifukwa mndandanda wotero umamwaza aneni apachibale. Ndi bwino kuwaphunzira m'mabanja awo, ndiponso m'ziganizo zathunthu, pakuti zolakwa zambiri zimene zimadyetsa malikisi pamayeso a MSCE sizichokera pa kuiwala mneni ayi, koma pa kusadziwa malo ake. Mawonekedwe achiwiri, monga went kapena saw, amaima okha: She went home. Achitatu, monga gone kapena seen, amafuna mnzawo patsogolo, monga has kapena have: She has gone home. Choncho I have went ndi cholakwa, monganso Did you went, popeza did wanyamula kale nthawi yakale ndipo mneni ayenera kubwerera ku go.

Aneni awiri amasokoneza ngakhale eni ake chilankhulochi. Lie wotanthauza kugona amapita lay, lain, pomwe lay wotanthauza kuika chinthu pansi amapita laid, laid, ndiye lay amapezeka mbali zonse ziwiri. Dziwaninso kuti learnt ndi dreamt ndi ozolowereka ku Britain, pomwe ku America amakonda learned ndi dreamed, ndipo amanenanso gotten pamene Mngelezi anganene got. Zonsezi n'zolondola, koma polemba kalata yofunsira ntchito kapena chimangirizo cha mayeso, sankhani kalembedwe kamodzi ndipo mukhale nako mpaka kumapeto.