Kusiyanitsa ana a kalulu obadwa tsiku limodzi

Kalulu amakhala ndi bere masiku pafupifupi 31, ndipo akaswa m'chisa mumapezeka ana 6, 8, nthawi zina 10, opanda ubweya, maso ali chitsekere. Make amayamwitsa kamodzi patsiku, kwa mphindi zitatu mpaka zisanu, kawirikawiri usiku kapena mbandakucha. Mwana amene waphonya bere usiku umodzi amatha kupeza bwino mawa lake, koma amene waphonya kawiri motsatizana ali pangozi. Ngati ana alibe zizindikiro, simungadziwe kuti wa mimba yophwa lero ndi yemwe uja wa dzulo kapena ndi wina. Ichi ndiye chifukwa chenicheni chowasiyanitsira.

Ambiri amaopa kugwira ana poganiza kuti make awadya akamva fungo la munthu. Kalulu wozolowera mwini wake sachita zimenezo. Chimene chimamusokoneza ndi phokoso, agalu, makoswe ndi kusowa madzi akumwa. Mupatseni masamba kuti atanganidwe, sambani m'manja popanda sopo wonunkhira, pakani manja ubweya wa m'chisamo, kenako tulutsani ana onse muwaike m'beseni loyalamo nsalu. Ntchito yonse isapitirire mphindi zisanu, makamaka m'nyengo yozizira ya June ndi July, pakuti mwana wopanda ubweya amazizidwa msanga.

Yambani ndi khungu, chifukwa limasonyeza kale ubweya umene udzamere. Wa khungu lofiirira thupi lonse adzakhala woyera kapena wa mtundu wowala, wa khungu lakuda paliponse adzakhala wakuda. Amene msana wake ndi wakuda koma mimba ndi mkati mwa makutu muli mofiirira adzakhala wotuwa ngati kalulu wa mtundu wa Chinchilla kapena ngati kalulu wakutchire. Wamawanga amaoneka mawanga ake pakhungu kuyambira tsiku loyamba, ndipo sasuntha, choncho ingowajambulani m'kope kapena pa foni. Ana a kalulu wa mtundu wa Californian amanamiza: amabadwa oyera, kuda kwa pamphuno, makutu, mapazi ndi mchira kumabwera pakapita masabata angapo, ndipo amene anazizidwa m'chisa ubweya wake umatha kutuwa pang'ono kenako n'kudzayeranso. Kutuwa kumeneko musakutenge ngati chizindikiro.

Vuto lenileni lili pa akalulu oyera a mtundu wa New Zealand White, amene onse amafanana ngati mazira. Apa chizindikiro muike nokha. GV, mankhwala apepo aja opaka pa zilonda, amagwira bwino pakhungu. Cholembera cha maka cholembedwa kuti chilibe poizoni nachonso chimachita. Nyikani kamtengo ka machesi, dontho limodzi basi, ndipo dikirani liume musanabweze mwanayo, apo ayi adzapakana onse. Masiku oyambirira makutu amakhala aang'ono ndiponso ogona, choncho miyendo ndiyo yosavuta. Kwa ana 8 mungagawe motere: woyamba mkati mwa mwendo wakutsogolo wakumanja, wachiwiri wakutsogolo wakumanzere, wachitatu ndi wachinayi miyendo yakumbuyo, wachisanu m'khutu lakumanja, wachisanu ndi chimodzi lakumanzere, wotsatira makutu onse awiri, wotsiriza patsinde pa mchira. Ena amasiya mmodzi wopanda chizindikiro poti adziwika yekha. Musatero: dontho la mnzake likafufutika mudzakhala ndi awiri opanda kanthu. Ndipo limafufutikadi, chifukwa make amawanyambita ndipo iwo amakhulana m'chisa. Bwerezani tsiku lililonse kapena pakapita masiku awiri.

Cutex wopaka pa chikhadabo chimodzi amakhalitsa kuposa GV, koma fungo lake ndi lamphamvu, choncho aume kaye bwinobwino ndipo asakhudze khungu. Ulusi, mphira kapena kachingwe pa mwendo, ayi ndithu. Mwana amakula mofulumira, ulusi umalowa m'mnofu, magazi amaleka kuyenda, phazi n'kutupa kapena kufa kumene. Kudula makutu monga amachitira ndi nkhumba nakonso n'kosayenera, khutu la kalulu lili ndi mitsempha yambiri ya magazi.

Chizindikiro chimakhala ndi phindu chikayenda ndi sikelo. Sikelo yakukhitchini yoyeza magalamu ndi yokwanira, ndipo ikanipo mbale yakuya chifukwa anawa amadumpha mwadzidzidzi akakhudzidwa. Mwana wa New Zealand White amabadwa ndi magalamu 50 mpaka 60, ndipo pakutha pa sabata amakhala atalemera kawiri. Yezani nthawi yofanana tsiku lililonse, m'mawa, popeza pa kuyamwa kumodzi amatha kumwa mkaka wolemera ngati gawo limodzi mwa magawo asanu a thupi lake. Mukayeza lero atangoyamwa, mawa asanayamwe, manambala adzakunamizani. Wokhuta mimba yake imakhala yozungulira ndi yolimba, mkaka umaonekera mbuu kudzera pakhungu. Wanjala amakhala ndi khungu lamakwinya. Amene sanawonjezere kulemera masiku awiri, gwirani make modekha mumuike yekha pa bere. Ngati ana achuluka kuposa mawere, omwe nthawi zambiri amakhala 8, samutsani ena apite kwa kalulu wina amene anaswa masiku osapitirira atatu kusiyana ndi uyu. Osamutsidwawo apatseni chizindikiro chawochawo ndipo lembani dzina la mayi wowabala, kuti mtsogolo musadzakweretse akalulu apachibale mosadziwa.

Maso amatseguka pa masiku 10 mpaka 12, ndipo pofika pamenepa ubweya wadzaza. Tsopano mungamete kadera kakang'ono ndi sizasi ya nsonga zobuntha, wina paphewa, wina pantchafu, wina pamsana. Kadera kameneka kamaoneka kwa masabata awiri kapena atatu. Dontho la m'khutu nalonso limayamba kukhalitsa chifukwa makutu akula.

Kudziwa wamwamuna ndi wamkazi pa tsiku lobadwa n'kovuta ngakhale kwa ozolowera, choncho dikirani masabata 4 mpaka 6. Gonekani mwanayo chagada m'dzanja, kwezani mchira ndi zala ziwiri, kenako dinikizani pang'ono ndi chala chachikulu kutsogolo kwa maliseche. Wamwamuna amatulutsa kachubu kozungulira kokhala ndi kabowo pansonga. Wamkazi amaonetsa kamng'alu kakatali kolowera kumene kumatuluka chimbudzi. Kudinikiza kwambiri kumatukumula ziwalo za wamkazi n'kuoneka ngati wamwamuna, ndipo apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Machende amatsika pa masabata 10 mpaka 12, choncho onaninso nthawi imeneyo ndipo amuna ndi akazi akhale atasiyana makola asanafike miyezi itatu.

Akaleka kuyamwa, amene mukufuna kusunga kuti akhale mbewu amafunika chizindikiro chosafufutika. Oweta ambiri amadinda nambala mkati mwa khutu ndi chipangizo cha tisingano ndi inki, kupewa mtsempha waukulu wapakati. Ngati mulibe chipangizochi, aliyense akhale ndi chipinda chake m'khola, ndipo pakhomo pake pakhale kakhadi kolembapo tsiku lobadwa, mayi, bambo ndi kulemera kwake pa tsiku lomwe analeka kuyamwa.